Nyali yofiira pa bogi lomaliza: tiiike pa sitima ya mawaya

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Lero tikukulankhulani kuchokera ku Nsungwi, ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Ana a ku Mgona, Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, senderani kufupi ndi wailesi, ndipo kope ndi cholembera zikhale pambali chifukwa pali manambala oti mulembe. Nkhani yathu ndi ya nyali yofiira imene imakhala kumbuyo kwa bogi lomaliza la sitima ya pamtunda. Tiyamba ndi ntchito yake pa sitima yeniyeni, kenako tiphunzira kuiika pa sitima ya mawaya, yopanga tokha. Ndili ndi bambo amene amakonza mawailesi ndi matochi kuno ku Nsungwi. Amisiri, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo achimwene. Moni kwa amvetseri onse, makamaka ana amene manja awo sakhala chete akaona waya.

WOULUTSA: Ana a kuno sitima amaidziwa, chifukwa siteshoni ya Lilongwe ili pa Kanengo pompa, kufupi ndi nkhokwe za chimanga ndi misika ya fodya. Njanji imeneyi ndi yam'mbuyo pa mbiri ya njanji za dziko lino. Yoyamba inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mu 1935 inafika ku Salima, ndipo mu 1970 anatsegula ina yochokera pa Nkaya kudzera pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala ku Mozambique. Ku Lilongwe kuno inafika mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira mpaka ku Mchinji mu 1980. Chigawo cholowa ku Chipata ku Zambia chinatsegulidwa mu 2010. Mu 1999 njanjizi zinaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene ambiri amangoti CEAR.

MMISIRI: Ndipo amene munayendako m'mbali mwa njanji mwaona kuti ndi imodzi yokha. Sitima yopita ndi yobwera zimayenda pa zitsulo zomwezo.

WOULUTSA: Pamenepo ndiye pagona nkhani. Sitima ziwiri zikamabwera moyang'anizana, zimaphonyana pa siteshoni kapena pamalo pamene njanji yagawikana pawiri. Ina imapatuka n'kudikira, inzake n'kudutsa. Tsono wodikirayo adziwa bwanji kuti inzake yadutsa yonse? Taganizirani sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde popita ku Nacala. Imodzi imakoka mabogi okwana 120. Cholumikizira china chitaduka pachitunda usiku, mabogi khumi n'kutsala m'tchire, woona ndi maso chabe sangadziwe kuti achepa. Nyali yofiira ija ndiyo imamuuza. Akaiona ikudutsa pamapeto, amadziwa kuti sitima yadutsa yathunthu ndipo njira yayera. Akapanda kuiona, salola sitima ina kulowa m'njiramo mpaka atadziwa kumene kwatsala mabogi enawo.

MMISIRI: Anthu ambiri amaganiza kuti nyaliyo ndi yochenjeza sitima yobwera m'mbuyo basi, monga zimakhalira pa galimoto.

WOULUTSA: Imeneyo ndi ntchito yake ina, ndipo ndi yofunika. Kutsogolo kumakhala nyali yoyera, kumbuyo yofiira, kuti aliyense adziwe kumene sitima yaloza. Koma ntchito yaikulu ndi yochitira umboni kuti palibe bogi lotsala. N'chifukwa chake lamulo lake ndi lokhwima: nyaliyo ikhale pa bogi lomaliza, ndipo pasapezeke ina yotere pa bogi lapakati. Ikakhala pakati imanama, chifukwa mabogi akumbuyo kwake akhoza kuduka koma iyo n'kudutsabe pa siteshoni ikuwala bwinobwino.

MMISIRI: Kodi malamulo okhwima chonchi anayamba bwanji?

WOULUTSA: Ambiri anabwera pambuyo pa maliro. Pa 12 June 1889, ku Armagh m'dziko la Ireland, sitima inanyamula ana a Sande sukulu ndi akuluakulu kupita kukacheza kunyanja. Inalephera kukwera chitunda. Oyendetsa anaganiza zoidula pawiri kuti ayambe akweza chigawo chakutsogolo. Mabogi khumi akumbuyo anayamba kubwerera okha kutsetsereko, mabuleki ake osagwira, mpaka anakawombana ndi sitima ina imene inkabwera m'mbuyo. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loti sitima zonyamula anthu zikhale ndi mabuleki ogwira okha sitima ikaduka, komanso kuti njanji igawidwe m'zigawo, sitima imodzi yokha pa chigawo chilichonse. Dongosolo la zigawoli limadalira munthu wa pa siteshoni kuona nyali yakumbuyo asananene kuti chigawo chayera.

MMISIRI: Za mabulekizo ndiwonjezepo pang'ono. Pa sitima zambiri za masiku ano pali paipi ya mpweya yoyenda kuchokera ku injini mpaka ku bogi lomaliza. Mpweya ukadzaza m'paipimo, mabuleki amamasuka. Ukachepa, amagwira. Choncho sitima ikaduka, paipi nayo imaduka, mpweya n'kuthawa, zigawo zonse ziwiri n'kuima zokha. Nzeru imeneyi inachokera kwa George Westinghouse wa ku America cha m'ma 1872.

WOULUTSA: Kale, kumapeto kwa sitima ya katundu kunkakhala kabogi ka gadi. Gadiyo ankayang'anira nyali ndi mabuleki akumbuyo. Ku America kabogi kotere kanayamba kutha m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'malo mwake anayamba kumangirira kabokosi kachitsulo pa cholumikizira cha bogi lomaliza. Kampani ya Florida East Coast ndiyo inayamba kukagwiritsa ntchito mu 1969. Kabokosiko kali ndi nyali yofiira yothwanima, kamayeza mpweya wa m'paipi ya mabuleki, n'kumatumiza uthenga kwa woyendetsa kudzera pa wailesi. Timabokosi tatsopano timalolanso woyendetsa kumanga mabuleki kuyambira kumbuyo pakachitika ngozi.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tabweranso amvetseri. Amisiri, m'mayiko ena muli anthu, akuluakulu ndithu, amene amasunga tisitima tating'ono toyenda ndi magetsi pa tebulo. Iwo nyaliyi amaiika bwanji?

MMISIRI: Alipo ambiri, ku Ulaya, ku America, ngakhale ku South Africa. Muyeso wotchuka amautcha HO, kumene chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Njanji zathu kuno n'zotalikirana mamilimita 1,067, ndiye munthu akafuna kupanga sitima ya ku Malawi pa muyeso umenewo, tinjanji take timatalikirana pafupifupi mamilimita 12. Magetsi amayenda m'tinjanjimo. Pa bogi lomaliza amaika mateyala achitsulo ndi tizitsulo topyapyala tokhudza mateyalawo, totapa magetsi kupita ku nyali. Amakumana ndi mavuto awiri. Loyamba, sitima ikabwerera m'mbuyo magetsi amatembenuka, ndiye amaika madayodi anayi owongola njira ya magetsiwo. Lachiwiri, njanji ikada nyali imaphethira, ndiye amaika kapasita yosunga magetsi pang'ono. Ena safuna zonsezi, amangobisa kabatire m'bogimo. Ife titsata njira ya batireyi, chifukwa sitima yathu imayenda pa dothi, mwini wake akuikoka ndi chingwe kapena kuikankha ndi chiwongolero cha waya.

WOULUTSA: Tiuzeni zofunika kusonkhanitsa.

MMISIRI: Zinthu zisanu ndi chimodzi. Kababu kofiira ka LED. Rezista imodzi. Mabatire awiri ang'onoang'ono, aja a mu rimoti. Tiwaya tiwiri tokutidwa ndi pulasitiki. Bokosi la machesi lopanda kanthu. Pomaliza tepi wakuda wa magetsi, kapena legeni ngati tepiyo palibe.

WOULUTSA: Kababuko mwana akapeza kuti?

MMISIRI: Mu wailesi yakufa, mu DVD yakufa, kapena mu nyali yakumbuyo ya njinga imene inasweka. Kaja kamayaka mofiira mukatsegula wailesi, n'komweko. Kwa okonza mawailesi m'misika yathuyi timakhala nato tambiri, ndipo n'totsika mtengo. Koma chenjerani ndi kababu ka kutsogolo kwa rimoti. Kamaoneka ngati LED wamba, ndipo n'ka mtundu womwewo, koma kuwala kwake maso a munthu sakuona. Mukakaloza pa kamera ya foni, mafoni ambiri amakaonetsa kakuyaka, koma pa sitima yanu sikakuthandizani.

WOULUTSA: Nanga amene angopeza koyera, ka mu tochi?

MMISIRI: Kagwira ntchito. Akakute ndi pepala lofiira la switi kapena akapake utoto wofiira wa m'zikhadabo, atapempha kwa achemwali, osati kuba. Koma adziwe kuti koyera kamafuna mavolti pafupifupi 3, pamene kofiira kamafuna pafupifupi 2. Mabatire akangofooka pang'ono, koyera kamayamba kuzilala msanga. Kofiira n'kakale pa onse owala mooneka ndi maso. Nick Holonyak anapanga LED yofiira mu 1962 ku kampani ya General Electric, pamene zoyera zinadzabwera m'zaka za m'ma 1990.

WOULUTSA: Tafotokozani za miyendo yake. Ana ambiri amati kababu n'kakufa pamene angokatembenuza.

MMISIRI: Zoona. Babu lakale la tochi limayaka mulimonse mmene mwalilumikizira. LED imalola magetsi kudutsa njira imodzi yokha. Ili ndi miyendo iwiri. Wautali umapita ku pulasi, mbali ya batire imene ili ndi kamutu. Waufupi umapita ku mainasi, mbali yosalala. Mukaichotsa mu wailesi, miyendo imakhala yodulidwa kale mofanana. Zikatero yang'anani m'mphepete mwa kababuko, pansi pake. Mbali imodzi ndi yophwatalala ngati anaisenga ndi mpeni, ndipo mwendo wa mbali imeneyo ndiwo wa mainasi. Mukalakwitsa pa mabatire awiri sikapsa, kamangokana kuyaka. Tembenuzani muyesenso.

WOULUTSA: Nanga rezista ndi yachiyani? Bwanji osangolumikiza ku batire?

MMISIRI: LED sidziwa kukana. Mukaipatsa mavolti opitirira muyeso wake imakoka magetsi ochuluka mpaka kupsa. Rezista ili ngati mpopi wotsegula pang'ono: madzi a m'paipi ndi ambiri, koma otuluka ndi okwanira kapu yanu. Tsopano lembani masamu awa. Batire lililonse lili ndi mavolti 1.5. Awiri olumikizana, mutu wa lina kukhudza kumbuyo kwa linzake, ndi mavolti 3. Kababu kofiira kamatenga 2. Yatsala volti imodzi, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya rezista. Tikufuna magetsi okwana mamiliampu 10, amene ndi 0.01 ya ampu imodzi. Gawani 1 ndi 0.01, yankho ndi 100. Choncho tikufuna rezista ya ma ohm 100.

WOULUTSA: Ana a ku sekondale alizindikira limeneli, ndi lamulo la Ohm lija la m'kalasi. Koma rezista silembedwa nambala. Mwana aidziwa bwanji?

MMISIRI: Ili ndi mizere yamitundu. Kumapeto kwina kumakhala mzere wagolide, umenewo uikeni kudzanja lamanja, muwerenge kuyambira kumanzere. Ya ma ohm 100 ndi bulawuni, wakuda, bulawuni. Ndibwereze: bulawuni, wakuda, bulawuni. Mukagwiritsa ntchito mabatire atatu, amene ndi mavolti 4.5, tengani ya 220: wofiira, wofiira, bulawuni. Mukasowa yeniyeniyo, tengani yokulirapo. Nyali idzachepa kuwala koma sidzapsa. Yocheperapo ndiyo yoopsa kwa kababu.

WOULUTSA: Tsopano tilumikize. Pang'onopang'ono amisiri, ena akulemba.

MMISIRI: Poyamba, ikani mabatire awiri aja m'kabati ka bokosi la machesi, mogonerana, lina mutu kuloza uku, linzake kuloza uko. Kumapeto kumodzi ikani kapepala konyezimira kopinda, kaja kachitsulo kokutira zakudya, kuti kalumikize mutu wa lina ndi kumbuyo kwa linzake. Kumapeto kwinako kwatsala pulasi imodzi ndi mainasi imodzi, ndipo ziwirizi zisakhudzane.

Chachiwiri, potani mwendo umodzi wa rezista pa mwendo wautali wa kababu. Rezista ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Mwendo wake winawo ulumikizeni ndi waya wopita ku pulasi.

Chachitatu, mwendo waufupi wa kababu ulumikizeni ndi waya wachiwiri, wopita ku mainasi. Waya ameneyu mumudule pakati, ndipo pamenepo ndi pa swichi. Amene alibe swichi apinde nsonga ziwirizo ngati mbedza. Mukazikola nyali iyaka, mukazimasula izima.

Chachinayi, boolani kabowo pa bokosi, kababu katulukire panja, ndipo mangani zonse ndi legeni kuti mabatire asagwedere.

WOULUTSA: Bwanji m'bokosi la machesi? Bwanji osangomangirira pa bogi penipeni?

MMISIRI: Pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chimene mwanena inu chija. Nyali ndi ya bogi lomaliza, ndipo bogi lomaliza limasintha. Lero muli ndi mabogi atatu, mawa mnzanu wabweretsa lake la tanki ngati aja onyamula mafuta amene anafika pa Kanengo mu 2024 kuchokera ku Nacala, mwalumikiza kumbuyo. Nyali iyenera kusamuka. Ikani kambedza ka waya kumsana kwa bokosilo kuti muzilikoleka ndi kulichotsa. A njanji enieni amachitanso chimodzimodzi, nyali yawo ndi yokoleka.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti sitima yanu yonse ndi yachitsulo. Miyendo ya kababu ikakhudza waya wa bogi, magetsi amapeza njira yachidule, n'kubwerera ku batire osadutsa mu kababu. Nyali siyaka, mabatire amatentha n'kutha msanga. Bokosi lapepala limalekanitsa ziwirizi. Paliponse pamene waya ali pamtunda, kutanipo ndi tepi.

WOULUTSA: Tinene kuti mwana wachita zonse koma siikuyaka.

MMISIRI: Asataye mtima, ndipo asamasule zonse nthawi imodzi. Atsate njira ya magetsi ndi chala, kuchokera pa pulasi, kudutsa rezista, kababu, swichi, mpaka pa mainasi. Magetsi amayenda pokhapokha njira yonse ili yolumikizana, popanda podukiza. Aone zinthu zinayi motsatana. Kodi mabatire ali ndi mphamvu? Awayese mu rimoti. Kodi agonerana mosemphana? Kodi kababu sikanatembenuke? Kodi nsonga za waya n'zoyera? Waya wina, makamaka wochokera mu mota kapena mu sipika, amakhala ndi vanishi wosaoneka, ndiye mpaleni ndi mpeni kapena sandipepa mpaka mkuwa uwale. Nyali ikamayaka n'kumazima sitima ikamayenda pa mabampu, ndiye kuti pena pake m'pokhwepa. Bwerani nayo kwa okonza mawailesi akuwotcherereni ndi solda, ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

WOULUTSA: Ena afuna yothwanima ngati ya kabokosi ka ku America kaja.

MMISIRI: Pali tibabu ta LED tothwanima tokha, tili ndi kachipangizo m'kati mwake. Timapezeka mu zidole zakufa ndi mu nsapato zina za ana zija zimawala poyenda. Kalumikizidwe n'komweko, koma tambiri timafuna mavolti 3 kapena kuposerapo, ndiye mungafunike mabatire atatu. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kutenga nyali yathunthu ya kumbuyo kwa njinga n'kuikoleka. Koma mwana wotero waphunzira kukoleka basi, magetsi sanawaphunzire.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Makolo, gawo ili ndi lanu. Amisiri, zoopsa zili pati?

MMISIRI: Ndiyamba ndi chachikulu. Ntchito imeneyi ndi ya mabatire a tochi okha. Mwana asayerekeze kulowetsa waya mu soketi ya kukhoma. Magetsi a ESCOM ndi mavolti 230, amapha. Chachiwiri, asatsegule wailesi ya kanema yakale ija ya chimsana. Imasunga magetsi amphamvu ngakhale mutaizula kukhoma. Chachitatu, batire la foni kapena la laputopu musaliboole, musalipinde, musaliwotche, chifukwa limayaka moto wovuta kuzimitsa. Chachinayi ndi kabatire kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kali ndi mavolti 3, ndipo kamayatsa kababu popanda rezista chifukwa mphamvu yake yokankha magetsi ndi yochepa. N'kabwino pa ntchitoyi, koma m'nyumba muli mwana wokwawa kasungeni patali. Akakameza kamawotcha kummero m'maola ochepa. Zikachitika thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kadzatuluka kokha.

WOULUTSA: Ine ndiwonjeze za njanji yeniyeni. Ana inu, mukafuna kuona mmene mabogi anapangidwira, imani patali. Musakwere bogi loima, musadutse pansi pake, chifukwa sitima imanyamuka mosachenjeza amene ali kumbuyo. Musaike miyala, misomali kapena zitsekerero pa njanji. Sitima yolemedwa ndi katundu ikamathamanga imatha kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi isanaime, ngakhale woyendetsa atakuonani. Ndipo waya wopangira sitima yanu asachokere pa njanji, pa mpanda wa eni ake kapena pa zipangizo za magetsi. Chitsulo chimodzi chochotsedwa pa njanji chikhoza kugwetsa sitima yonse.

MMISIRI: Komanso makolo, mukaona mwana akutolera mawailesi akufa, musafulumire kunena kuti akudzaza nyumba ndi zinyalala. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi, kenako anadzapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotayidwa. Mpatseni katoni yosungiramo zinthu zake, ndipo muzimufunsa kuti akufotokozereni chimene akupanga.

WOULUTSA: Tisanatseke, nayi ntchito ya sabata ino. Aphunzitsi a sayansi mukhoza kuitenga kukhala ya m'kalasi. Funso loyamba: muli ndi magetsi a mavolti 5, ngati aja otuluka pa pawabanki, ndi kababu kofiira kofuna mavolti 2 ndi mamiliampu 10. Mufunika rezista ya ma ohm angati? Werengani papepala, musalumikize kanthu. Ntchito yachiwiri ndi ya pabwalo. Madzulo lumikizani mabogi anu onse, mmodzi akhale woyendetsa, wina akhale wa pa siteshoni atatembenukira kumbali. Wachitatu amasule bogi lomaliza mobisa nthawi zina, nthawi zina alisiye. Wa pa siteshoni aziweruza ndi nyali yokha ngati njira yayera kapena ayi. Kenako samutsirani nyaliyo pa bogi lapakati, mubwereze masewerowo, muone kuti alakwitsa kangati. Yankho la masamu tidzalipereka sabata yamawa, pamene tidzaphunzire kupanga chizindikiro cha pa siteshoni cha nyali ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, zoyendera swichi imodzi.

MMISIRI: Ana asaiwale kumasula swichi akamakagona, mabatire ndi ndalama.

WOULUTSA: Amvetseri, tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)